Glider, paraglider, microlight kapena Cessna: mayina a tindege ndi kasankhidwe kake kwa munthu wa ku Blantyre

Kanthu kalikonse kouluka kamene kadutsa pamwamba pa Ndirande kapena Chilomoni, kakakhala kochepa poyerekeza ndi ndege zonyamula anthu ambiri zomwe zimatera ku Chileka, timangokatchula kuti kandege. Pocheza palibe vuto, koma kwa munthu amene waganiza zophunzira kuuluka kapena kugula chombo chakechake, dzina limodzili limabisa zinthu zosiyana kwambiri, pakuti china chimakwana m'chikwama chobereka kumsana, china chimafuna ngolo yaitali ndi gulu la anthu oti achinyamutse, pamene china chimafuna makaniko wa ziphaso ndi mafuta amene sapezeka pamalo omwetsera galimoto. Maganizo anga ndi akuti mtengo wogulira suyenera kutsogola posankha. Choyenera kutsogola ndi funso lakuti kodi anthu, malo ndi zipangizo zimene chombocho chimadalira zili pafupi bwanji ndi kumene wosankhayo amakhala.

Mayina ake poyamba

Mawu akuti ndege timagawana ndi Chiswahili, kumene amatanthauza mbalame komanso chombo chouluka, koma ife tidangosunga tanthauzo lachiwirili. Mitundu ya ndege zing'onozing'ono ilibe mayina okhazikika m'Chichewa, ndipo ogulitsa, aphunzitsi ndi malamulo onse amagwiritsa ntchito mayina a Chingerezi, choncho ndi bwino kuwadziwa monga alili.

Glider ndi ndege yeniyeni ya mapiko ouma, aatali ndi opyapyala, yokhala ndi thupi lotsekedwa ndi mchira, koma yopanda injini. Angerezi amaitchulanso sailplane, Ajeremani amati Segelflugzeug pofanizira ndi bwato loyenda ndi thanga, anansi athu a ku Mozambique amati planador, ndipo m'chinenero cha Afrikaans amati sweeftuig. Hang glider ndi phiko la ngodya zitatu la mapaipi a aluminiyamu ovekedwa nsalu, limene munthu amalendewera kunsi kwake chafufumimba. Paraglider ndi phiko la nsalu ndi zingwe zokhazokha, lopanda chitsulo chilichonse, limene limafufuma ndi mpweya. Ambiri akaliona amati ndi parachuti, koma ntchito zake ndi zosiyana: parachuti ndi yotsikira pansi, pamene paraglider amanyamuka nayo pothamanga pamtsetse wa phiri ndipo imatha kukwera. Zitatu zonsezi tikhoza kuzitcha ndege zopanda injini, koma pano dzinali ndalisungira glider yokha.

Mayina akuti microlight ndi ultralight ndiwo amasokoneza kwambiri, chifukwa safotokoza maonekedwe a chombo koma malire a kulemera kwake amene lamulo la dziko lina lidaika. Ku America ultralight ndi ya munthu mmodzi, yosapitirira makilogalamu 115 isananyamule kanthu, ya thanki ya malita 19, ndipo woiyendetsa safunika chiphaso. Ku Ulaya microlight imanyamula anthu awiri, ndipo kwa zaka zambiri malire ake anali makilogalamu 450 pamodzi ndi anthu ndi mafuta, ngakhale mayiko ena adawakweza kufika pa 600. Choncho wogulitsa wa pa intaneti akalemba kuti chombo chake sichifuna chiphaso, akunena za lamulo la kwawo, osati la kuno. Chombo chilichonse cholembetsedwa m'Malawi chimakhala ndi nambala yoyamba ndi 7Q, ndipo mawu omaliza pa zoti chingauluke kapena ayi ndi a akuluakulu oyang'anira za ndege m'dziko muno.

Miyeso inayi

Muyeso woyamba ndi mtengo, ndipo uwerengedwe pa chaka, mu ndalama zakunja. Pafupifupi chilichonse chokhudza ndege chimagulidwa ndi madola, ma euro kapena ma randi, ndipo amene akukumbukira kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa kuti bajeti ya m'makwacha imatha kusungunuka usiku umodzi. Pamwamba pa mtengo wogulira pali zotumizira, msonkho, inshulansi ndi maphunziro.

Wachiwiri ndi kupezeka, osati kwa chombo chokha, komanso kwa mphunzitsi, malo onyamukira ndi mafuta oyenera. Wachitatu ndi kasamalidwe, ndipo funso lake ndi lakuti ndani adzachikonze, ndani ali ndi mphamvu yosainira kuti chakonzeka, ndipo chipangizo chikatha chidzatenga milungu ingati kuti chifike.

Wachinayi, wa zoopsa, ndiwo uyenera kuyezedwa ndi nyengo yathu yeniyeni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chiperoni chimatha kuphimba Soche, Michiru ndi zitunda za Thyolo ndi mitambo yotsika kwa masiku angapo. Ngozi ya pa 10 Juni 2024 ku Chikangawa, imene idatenga moyo wa Wachiwiri kwa Pulezidenti Dr Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, idachitikira ndege ya injini ziwiri, yaikulu kuposa zonse zimene zatchulidwa pano, pa tsiku la mitambo yotsika yotereyi. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umachepetsa mtunda umene maso amaona, ndipo kutentha kumapepukitsa mpweya. Bwalo la Chileka lili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, koma masana a madigiri 33 mapiko ndi injini zimagwira ntchito ngati zili pa mamita 1,600, kutanthauza kuti ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mwaulesi. Kuyambira Novembala mpaka Marichi mitambo ya mabingu imakula mwamsanga masana. Chinanso ndi chakuti mlengalenga mozungulira Chileka muli m'manja mwa oyang'anira a pansanja ya bwalolo, ndipo pamwamba pa malo a asilikali kapena nyumba za boma monga Sanjika si poti munthu angodutsa mwa iye yekha.

Glider, ndege yopanda injini

Chombochi chimakhala m'mwamba ndi nzeru imene miimba ndi ziwombankhanga zimagwiritsa ntchito. Dzuwa likawotcha minda youma, matanthwe ndi madenga a malata, mpweya wa pamenepo umapepuka n'kukwera ngati utsi, ndipo woyendetsa amazungulira m'kati mwake mpaka kufika kunsi kwa mtambo, kenako amatsetsereka kukafuna mpweya wina. Kamvuluvulu wa m'chilimwe ndi mpweya womwewo ukuoneka ndi maso. Glider yophunzirira monga ASK 21, imene mapiko ake ndi mamita 17 kuchokera nsonga ina kufika ina, imayenda mamita pafupifupi 34 pa mita imodzi iliyonse imene yatsika, moti ikakhala pamtunda wa kilomita imodzi m'mwamba ingathe kufika kutali ngati kuchokera ku Limbe kukayandikira Thyolo. Za mpikisano zimapitirira mamita 50 pa mita imodzi. Mu 2003 Klaus Ohlmann adayenda makilomita opitirira 3,000 tsiku limodzi m'mphepete mwa mapiri a Andes, ndipo mu 2018 glider yotchedwa Perlan 2 idakwera mamita opitirira 23,000 ku Argentina.

Mtengo: pa ola limodzi, kwa membala wa kalabu, iyi ndi imodzi mwa njira zotchipa zoulukira pa ndege ya mapiko ouma, chifukwa palibe mafuta otentha kupatula a chonyamutsira. Glider zakale zamatabwa ndi nsalu zimagulitsidwa ma euro masauzande ochepa ku Ulaya, pamene zatsopano za mpikisano zimapitirira 100,000. Koma kutchipa kumeneku kumadalira kalabu imene imagawana ndalama za bwalo, shedi ndi makina.

Kupezeka: apa ndiye pagona vuto. Glider siinyamuka yokha. Imakokedwa ndi ndege ya injini, kapena ndi makina okulunga chingwe chotalika pafupifupi kilomita imodzi amene amaiponya mamita 300 mpaka 500 m'mwamba, ndipo pa ulendo uliwonse pamafunika woyendetsa makinawo, wogwira phiko pothamanga, wopereka zizindikiro ndi wobweza chingwe. Makalabu okhazikika a m'chigawo chino ali ku South Africa, m'malo monga Potchefstroom, kumene kampani ya Jonker Sailplanes imapanga glider zodziwika padziko lonse, komanso Worcester ndi Gariep Dam, ndipo ku Namibia kuli Bitterwasser, kumene akatswiri a ku Ulaya amasonkhana m'miyezi ya Novembala mpaka Januwale. Wophunzira amachita maulendo makumi angapo ndi mphunzitsi asanaloledwe kuuluka yekha. Pali mtundu wina wokhala ndi injini yaing'ono, wotchedwa motor glider, umene umanyamuka wokha, koma umabwera ndi mtengo ndi mavuto a injini.

Kasamalidwe: palibe injini yoikonza, koma imafunika kuyenderedwa chaka chilichonse ndi munthu wovomerezeka. Utoto woyera wokuta thupi lake umang'aluka ndi dzuwa, ndipo kuukonzanso ndi ntchito yodula. Yamatabwa sindingamulangize munthu kuibweretsa kuno, kumene chinyezi cha dzinja ndi chiswe zimalimbana ndi mitengo ndi guluu chaka ndi chaka.

Zoopsa: ngozi zambiri zimachitika ponyamuka ndi chingwe kapena pokhota pafupi ndi nthaka liwiro litachepa. Koma chodetsa nkhawa kwa ife ndi kutera kutchire. Mpweya wokwera ukatha, woyendetsa amatera m'munda, ndipo kwa anzathu a ku Free State ku South Africa, kumene minda ndi yaikulu ndi yosalala, zimenezi ndi zachizolowezi. Minda ya ku Chiradzulu ndi Lunzu ndi ing'onoing'ono, ya mizere, ya zitsa ndi zulu, yodutsidwa ndi mawaya a magetsi, ndipo bwalo la mpira la pasukulu, limene silipitirira kwenikweni mamita 100, ndi lalifupi kwa chombo chofuna mamita 200 kapena 300.

Paraglider, phiko la nsalu

Mtengo: zonse pamodzi, phiko, mpando wa malamba, parachuti yapadera yodzipulumutsira, helimeti ndi kachipangizo kolira posonyeza kukwera kapena kutsika, zimafika madola 4,000 mpaka 6,000 zikakhala zatsopano. Palibe chombo china chonyamula munthu chotchipa kuposa ichi. Zogwiritsidwa kale ntchito zimatsika mtengo kwambiri, koma phiko si ngati malaya a kaunjika oti munthu n'kungoliyang'ana ndi maso, chifukwa nsalu yotopa imaoneka yabwinobwino pamene ikudutsa mpweya. Wogula aumirire kuona lipoti la kuyezedwa kwake.

Kupezeka: katundu yense amalemera makilogalamu 12 mpaka 20, moti amabwera pa ndege ngati chikwama wamba ndipo amakwera minibasi. Mapiri tili nawo ochuluka, kuyambira Zomba, Mulanje ndi chigwembe chotsikira ku Chikwawa, koma phiri si malo onyamukira pokhapokha litakhala ndi mtsetse wopanda mitengo woyang'ana kumene mphepo imachokera, ndi malo otera pansi pake. Zonsezi zimafuna chilolezo cha a zankhalango kapena eni malo, ndipo ndi nzeru kuyamba wakaonekera kwa amfumu a m'deralo n'kugwirizana za chipukuta misozi ngati munthu atatera m'chimanga cha wina. Michiru, ngakhale ili pakhomo, yayandikana kwambiri ndi Chileka. Sukulu zodziwika zili ku Cape Town ndi ku Wilderness ku South Africa, pansi pa SAHPA, bungwe loyang'anira ma paraglider ndi ma hang glider kumeneko, ndipo maphunziro oyamba amatenga milungu iwiri kapena kuposerapo, malinga ndi mphepo.

Kasamalidwe: mdani wake ndi dzuwa, fumbi ndi chinyezi. Phiko limatha pambuyo pa maola mazana ochepa a padzuwa, zingwe zimafupika kapena kutalika mosiyana, ndipo parachuti yodzipulumutsira iyenera kutambasulidwa ndi kupindidwanso kamodzi kapena kawiri pachaka. Zonsezi zimatheka potumiza katunduyo kwa akatswiri kunja, popeza ndi wopepuka.

Zoopsa: kupepuka komweko ndiko kufooka kwake. Paraglider imauluka pa liwiro la makilomita 35 mpaka 40 pa ola, choncho mphepo yamphamvu pang'ono imaibweza cham'mbuyo, ndipo mpweya wowinduka umatha kupinda mbali ya phiko mwadzidzidzi. Masana a Okutobala, amene katswiri wa glider angawakonde, ndi oopsa kwa wophunzira paraglider, ndipo kamvuluvulu pafupi ndi nthaka amatha kupha. Zovulala zofala ndi za msana ndi akakolo, ndipo munthu aganizire nthawi imene ingatenge kumutsitsa paphiri mpaka kukafika naye ku Queens. Mapiko amaikidwa m'magulu a EN A, B, C ndi D pa muyeso wa chitetezo wa ku Ulaya, ndipo a gulu A ndiwo ofatsa koposa. Woyamba kumene agule la gulu A, ndipo asamvere wogulitsa amene akumuuza kuti adzalitopa msanga.

Mbale wake wa paraglider ndi paramotor, imene ndi phiko lomwelo kuphatikiza injini ya makilogalamu 20 mpaka 30 yobereka kumsana. Imanyamuka pabwalo la mpira osafuna phiri, imamwa malita atatu kapena asanu pa ola, ndipo imauluka bwino m'mawa ndi madzulo mphepo ili zii. Mtengo wake ndi pafupifupi kawiri, phokoso lake limabalalitsa ziweto, ndipo pulopela yake yadula zala za anthu ambiri poyatsa injini pansi.

Hang glider

Phikoli lidachokera ku luso la Francis Rogallo wa ku America, ndipo lidatchuka m'zaka za m'ma 1970 paraglider isanabwere n'kulilanda anthu. Mtengo wake sutalikirana ndi wa paraglider. Kupezeka ndiko kovuta, chifukwa aphunzitsi achepa paliponse, ndipo likapindidwa limakhala mtolo wa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi wolemera makilogalamu 25 mpaka 35, wofuna galimoto ya keriya ndi msewu wofika pamwamba pa phiri. Pa kasamalidwe, mapaipi amapindika munthu akatera molakwika, ndipo atsopano amachokera kunja. Pa zoopsa, silipindika m'mwamba ndipo limapirira mphepo kuposa paraglider, koma limatera mothamanga ndipo limafuna malo aakulu. Kuno sindikuona chifukwa cholisankhira, pokhapokha munthu atakhala kuti adaliphunzira kale kwina.

Microlight

Ilipo mitundu iwiri, ndipo wogula aisiyanitse. Trike ndi kangolo ka matayala atatu kolendewera kunsi kwa phiko longa la hang glider, ndipo amakawongolera pokankha chitsulo chopingasa. Ndi yomwe imanyamula alendo pamwamba pa mathithi a Victoria ku Livingstone. Mtundu wachiwiri ndi kandege kenikeni ka mapiko, mchira ndi ndodo yowongolera, monga Bat Hawk yopangidwa ku Nelspruit, imene oteteza nyama zakutchire amaikonda polondera, kapena Sling 2 ya ku Johannesburg, imene ndi yolemererapo ndi yothamanga moti imalowa m'gulu lotchedwa light sport aircraft.

Mtengo: trike yakale ya ku South Africa imatha kufanana mtengo ndi galimoto yabwino yogwiritsidwa kale ntchito, pamene kandege katsopano ka mtundu wa Sling kamapitirira madola 100,000. Injini yofala, Rotax 912 ya ku Austria, imamwa malita 15 mpaka 18 pa ola, theka la zimene Cessna imamwa. Ku Britain chiphaso chokwanira cha microlight chimayambira pa maola 25 ophunzira.

Kupezeka: msika wapafupi ndi South Africa, kumene zombo zotere zimalembetsedwa ndi nambala zoyamba ndi ZU, kusonyeza kuti sizili m'gulu la ndege zovomerezedwa mokwanira pa malamulo a mayiko onse. Kuzidutsitsa malire kapena kuzilembetsa kuno kumafuna chilolezo chapadera, ndipo chiphaso cha microlight cha dziko lina sichigwira ntchito kwina mwachisawawa. Munthu afunse zimenezi kwa akuluakulu a za ndege, ndipo alandire yankho lolembedwa, asanatumize ndalama. Ubwino wake ndi wakuti chombochi chimanyamuka pa kamsewu ka udzu ka mamita 300 kapena 400.

Kasamalidwe: ogulitsa amanyadira kuti Rotax imamwa petulo wa galimoto, ndipo ndi zoona, koma petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanolo kuyambira 1982, pa muyeso umene wakhala ukusintha pakati pa 10 ndi 20 peresenti, pamene opanga injiniyi amalola 10 peresenti yokha. Ethanolo amakoka madzi, amadya mapaipi a labala ndi matanki ena, ndipo kukatentha amachititsa mafuta kuwira m'mapaipi. Mwini wake ayenera kuyeza mafuta ake nthawi zonse ndi kuwasefa, makamaka m'nyengo za kusowa kwa mafuta pamene zigubu zimachuluka. Rotax 912 imafika maola 2,000 isanaphwasulidwe yonse, pamene Rotax 582, imene ili pa ma trike ambiri akale, imafika 300 okha, ndipo ichi ndicho chinsinsi cha kutchipa kwa ambiri a iwo. Nsalu ya mapiko imafuna shedi.

Zoopsa: injini ikazima chimatera pa liwiro lochepa m'malo aafupi, zimene ndi chitetezo chenicheni m'dera la minda ing'onoing'ono. Koma chifukwa chopepuka chimagwedezeka kwambiri masana, chimavutika ndi mphepo yopingasa potera, ndipo chimanyengerera woyendetsa kuuluka motsika poonetsa anzake, kumene kuli mawaya.

Cessna 172 ndi anzake

Iyi ndi ndege imene anthu ambiri amaganiza akamati kandege: ya injini imodzi, mipando inayi ndi mapiko apamwamba. Idayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ina iliyonse.

Mtengo: yatsopano imapitirira madola 400,000, ndipo yakale ya m'ma 1970 imagulidwabe madola masauzande makumi angapo. Imamwa malita 30 kapena kuposerapo pa ola. Chiphaso choyamba, chotchedwa PPL, chimafuna maola osachepera 40 pa malamulo a ICAO, bungwe la za ndege la mayiko onse, ndi 45 ku South Africa, ngakhale ambiri amapitirira pamenepo, ndipo mtengo wake kumeneko ndi woposa R100,000 osawerengera malo ogona ndi chakudya. Wofuna kulembedwa ntchito amafunika chiphaso cha CPL, cha maola pafupifupi 200. Kwa munthu wouluka maola ochepa pachaka, kubwereka kapena kugula mogwirizana ndi anzake n'kwanzeru kuposa kukhala nayo yekha.

Kupezeka: aphunzitsi, mabuku ndi zipangizo zake ndi zochuluka kuposa za chombo china chilichonse, ndipo chiphaso chake chimatha kuvomerezedwa m'mayiko ena. Wophunzira ayenera kukhala wa zaka 17 polandira chiphaso, kupambana mayeso a zaumoyo ndi kulankhula bwino Chingerezi cha pa wailesi. Mafuta ake ndi avgas 100LL, a mtundu wa buluu, osiyana ndi Jet A-1 amene ndege zikuluzikulu zimamwa, ndipo sapezeka pabwalo lililonse, moti wopita ku Likoma kapena ku Chelinda ayenera kuwerengeratu a pobwerera.

Kasamalidwe: apa lamulo silinyengerera. Oyilo amasinthidwa maola 50 aliwonse, ndege yonse imayenderedwa maola 100 aliwonse kapena chaka chilichonse, wosainira ndi injiniya wa chiphaso yekha, ndipo bawuti iliyonse iyenera kukhala ndi pepala lake. Injini ya Lycoming ikakwana maola 2,000 kuikonzanso kumadya madola masauzande makumi angapo, choncho pogula yakale munthu awerenge mabuku a injini asanayang'ane utoto.

Zoopsa: ndi ndege yofatsa, yokhululukira zolakwa zambiri za wophunzira, koma mipando inayi siitanthauza akuluakulu anayi ndi matanki odzaza, makamaka masana otentha. Ngozi zake zambiri zimachokera ku kutha kwa mafuta ndi kulowa m'mitambo kwa woyendetsa amene sanaphunzire kuuluka ndi zipangizo zokha. Popeza imapita kutali pa liwiro la makilomita 200 pa ola, imamufikitsa munthu msanga ku nyengo imene sanaione ponyamuka.

Gyrocopter, imene idapangidwa ndi Juan de la Cierva n'kuuluka koyamba ku Spain mu 1923, imaoneka ngati helikopita koma mapiko ake ozungulira amayenda ndi mphepo, osati ndi injini, ndipo siiima malo amodzi m'mwamba. Imapirira mpweya wowinduka kuposa trike, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo aphunzitsi ndi amakaniko ake ndi ochepa, choncho ndangoitchula kuti dzina lake lisasokoneze.

Ndani asankhe chiyani

Wachinyamata amene akufuna kudzakhala woyendetsa ndege wolembedwa ntchito asataye ndalama pa zina zonsezi. Ayambe ndi mayeso a zaumoyo, chifukwa ndi otchipa ndipo akhoza kutseka njira yonse, kenako apite ku PPL pa Cessna kapena ndege yofanana nayo, pasukulu imene chiphaso chake chidzavomerezedwe kuno.

Wogwira ntchito m'tauni amene akufuna kuuluka Loweruka pongosangalala, ndipo ndalama zake ndi zowerengeka, paraglider ndiyo ingamutheke, malinga akaphunzire kusukulu yeniyeni, apeze mnzake mmodzi kapena awiri oyenda naye, ndipo avomereze kuti masiku ambiri adzakwera phiri n'kutsika wapansi chifukwa mphepo yakana. Ngati amakhala kuchigwa monga ku Nchalo, kutali ndi mitsetse yabwino, paramotor ya m'mawa ndiyo imuyenera.

Mwini esiteti ku Thyolo kapena Mulanje, kapena woyang'anira nkhalango ndi nyama, amene ali ndi malo a kamsewu ndi shedi ndipo akufuna maso a m'mwamba mlungu uliwonse, asankhe microlight ya mapiko ndi mchira yokhala ndi Rotax 912, atayamba wathana ndi nkhani ya kulembetsa ndi ya mafuta. Koma ngati chimene akufuna ndi zithunzi ndi mapu a minda basi, drone imachita ntchitoyo pamtengo wochepa kwambiri popanda kuika moyo wa munthu pachiswe, ndipo luso lake lilipo m'dziko muno, kumene boma ndi UNICEF adatsegula dera loyeserera ma drone ku Kasungu mu 2017 ndi sukulu ya African Drone and Data Academy mu 2020.

Wamalonda woyenda kawirikawiri pakati pa Blantyre, Lilongwe ndi kunyanja angapindule ndi Cessna yogawana ndi anzake atatu kapena anayi, koma akhale wokonzeka kusiya ndege n'kukwera galimoto tsiku la chiperoni.

Amene mtima wake uli pa glider yeniyeni asaigule. Alowe kalabu ya ku South Africa, asunge tchuthi chake cha pachaka kuti akakhale kumeneko milungu iwiri kapena itatu motsatizana m'nyengo yotentha, ndipo za kubweretsa chombo kuno adzaziganizire pokhapokha atapeza anzake osachepera khumi, mphunzitsi mmodzi ndi bwalo lotalika kilomita imodzi kutali ndi njira za ndege za ku Chileka.